Kulowa Popanda Odi: Mitima Iwiri ya Wowerenga Buku la Kagi

Chiyambi

Pali mabuku ena amene munthu akamaliza kuwerenga amasowa choyankha mnzake akamufunsa ngati akoma. Kagi, nkhani yaitali imene Jun'ichirō Tanizaki wa ku Japan adalemba m'chaka cha 1956, ili m'gulu la mabuku otere. Bukuli ndi lalifupi, lomangidwa mwaluso, ndipo munthu akaliyamba kumavuta kulisiya. Komabe wowerenga akafika pa tsamba lomaliza amapezeka ali ndi mitima iwiri: wina ukuyamikira mlembi, wina ukuchita manyazi ndi nseru, ngati munthu amene wadya chakudya chokoma kenaka n'kuuzidwa kuti chinali chakuba.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika gwero la mitima iwiriyi. N'chapafupi kuganiza kuti wowerenga akuvutika chifukwa bukuli likukamba za kuchipinda, nkhani zomwe anthu aulemu wawo sazitchula pabwalo. Owerenga a m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa ali ndi chifukwa chapadera choganizira motero, popeza ambiri a iwo adaphunzira kuwerenga pa nthawi imene mabungwe a boma ankasefa mabuku pofufuza zandale ndi zolaula. Ku Malawi ntchito imeneyi idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo ku South Africa ndi malamulo a 1963 ndi 1974. Chizolowezi chofunsa ngati m'buku muli zolaula kapena mulibe chidatsalira m'mitu ya owerenga.

Funso limenelo silifika pamene pagona vuto la Kagi. M'kusauka mtima kwa wowerenga muli zinthu ziwiri zoyenera kuzilekanitsa. Choyamba ndi manyazi a munthu amene wagwidwa akusuzumira; manyazi amenewa mlembi adawakonza dala, ndipo ndiwo mphamvu ya bukuli. Chachiwiri ndi nkhawa yokhudza chilolezo cha mkazi amene akuchitidwa zinthu ali chikomokere. Nkhawa imeneyi mlembi akuyesa kuithetsa kumapeto kwa buku, koma siitha.

Mlembi ndi nkhani yake

Tanizaki adabadwira ku Tokyo m'chaka cha 1886 ndipo adamwalira mu 1965. Chivomezi cha 1923 chitagumula mzindawo, iye adasamukira kudera la Kyoto, Osaka ndi Kobe, komwe nkhani zake zambiri za pambuyo pake zikuchitikira. Kuyambira pa nkhani yaifupi ya Shisei ya 1910, kudzera pa Chijin no Ai ya 1924, kufikira pa Fūten Rōjin Nikki yomwe idayamba kutuluka mu 1961, mfundo imodzi sidamuchoke: mwamuna amene amapembedza thupi la mkazi mpaka kusanduka kapolo wake. Polemba Kagi anali akufika zaka 70. Nkhaniyi idatuluka m'zigawozigawo m'magazini ya Chūō Kōron ndipo idabutsa mtsutso waukulu, mpaka kufika m'nyumba ya malamulo. Nthawiyo inali yoopsa kwa alembi, chifukwa mlandu wa womasulira ndi wosindikiza Lady Chatterley's Lover m'Chijapani unali usanathe, ndipo khoti lalikulu lidadzatsimikiza mu 1957 kuti awiriwo ndi olakwa. Tanizaki iye sadazengedwe mlandu. Howard Hibbett adamasulira bukuli m'Chingerezi pa dzina loti The Key kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Liwu loti kagi limatanthauza kiyi. Nkhani yonse ndi madayale awiri, ndiye kuti mabuku omwe munthu amalembamo zochitika ndi zakukhosi zake tsiku ndi tsiku. Mwamuna, pulofesa wa ku Kyoto wa zaka 56 yemwe dzina lake silitchulidwa, akuyamba pa 1 Januwale ndi kulengeza kuti chaka chimenecho alemba mosabisa za moyo wake wa kuchipinda. Mkazi wake, Ikuko, wa zaka 45, adaleredwa m'banja losunga mwambo wakale, moti pa zaka zoposa 20 za ukwati sadalolepo kuti mwamuna wake aone thupi lake lonse poyera, kapena kukambirana naye nkhani zimenezi. Patangopita masiku ochepa, Ikuko akupeza kiyi wa kabati yomwe mumakhala dayale ya mwamuna wake ali pamalo oonekera. Iye akulemba m'dayale yake kuti sangaiwerenge. Mwamunayo nayenso akukana kuti amawerenga ya mkazi wake. Koma aliyense akulemba ngati munthu wodziwa kuti mnzake awerenga.

Pulofesayu akuona kuti mphamvu zake zikuchepa pamene chilakolako cha mkazi wake sichikuchepa, ndipo akuzindikira kuti nsanje imamudzutsa thupi. Motero akukokera pafupi Kimura, mnyamata yemwe ankayembekezeka kukwatira mwana wawo Toshiko. Madzulo amamwa brande pamodzi ndi mnyamatayo. Ikuko amaledzera mpaka kukomokera kubafa. Amuna awiriwo amamunyamula kupita naye kuchipinda. Kimura akapita, mwamunayo amayatsa getsi lowala mbee, n'kumuvula, kumuyang'anitsitsa ndi kugona naye. Kenaka akuyamba kumujambula ndi kamera ya Polaroid yomwe wabwereka kwa Kimura, ndipo pambuyo pake, pogwiritsa ntchito kamera ina, akupereka filimu kwa Kimura yemweyo kuti akatsuke zithunzizo. Ikuko ndi Kimura akuyamba kukumana kuseri mothandizidwa ndi Toshiko. Pulofesa, pobayitsa mankhwala owonjezera mphamvu ndi kunyozera chenjezo la dokotala pa kuthamanga kwa magazi, akufa ziwalo mu Epulo ndipo akumwalira kumayambiriro kwa Meyi. Masamba omaliza ndi a Ikuko yekha.

Zilembo ziwiri

Wowerenga bukuli m'chiyankhulo china amataya chinthu chimodzi chomwe Mjapani amachiona asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe. Chijapani chimalembedwa ndi zilembo zochokera ku China, zotchedwa kanji, pamodzi ndi mitundu iwiri ya zilembo zoimira maphatikizo, yomwe ndi katakana ndi hiragana. Mitundu iwiriyi imaimira maphatikizo ofanana. Kusiyana kwake kuli pa maonekedwe ndi pa mbiri. Katakana ndi yangodyangodya ndi youma, ndipo kufikira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha inkagwiritsidwa ntchito polemba malamulo ndi zikalata za boma. Hiragana ndi yopindapinda ndi yofewa, ndipo m'nyengo ya Heian, pakati pa 794 ndi 1185, inkatchedwa onnade, kutanthauza dzanja la mkazi. Tanizaki adapatsa mwamuna katakana, mkazi n'kumupatsa hiragana.

Kusankha kumeneku kuli ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, chilakolako cha pulofesa chimabwera chitavala chovala cha chikalata cha boma. Wowerenga amakakamizidwa kuyenda pang'onopang'ono m'masamba ake, monga momwe mwiniwakeyo amayendera pang'onopang'ono ndi getsi lake, ndipo zomwe zikadakhala zotenthetsa thupi zimamveka ngati lipoti la kafukufuku. Chachiwiri, masamba a Ikuko amawerengeka mosavuta chifukwa alembedwa m'zilembo zomwe aliyense adazolowera, ndipo chomwe chikuwerengeka mosavuta munthu amachikhulupirira msanga. Komatu pa awiriwa amene akunama kwambiri ndi Ikuko. Zilembo zomwezo zikutchera wowerenga msampha.

Palinso nkhani ya amene akuuzidwa. Dayale siikhala ndi woitumizira. Mwini amadzilembera yekha. Madayale a mu Kagi ndi makalata amene akukana kuti ndi makalata. Mwamuna akulemba zomwe akufuna kuti zichitike, mkazi akuzichita, koma palibe amene wapempha ndipo palibe amene wavomera. Ikuko akumata dayale yake ndi selotepi kuti adziwe ngati yatsekulidwa, komabe akuisiya pamene ingapezeke. Woyankhula Chichewa amaudziwa bwino mtundu uwu wa kayankhulidwe. Mkazi woimba pamtondo amadandaula za mwamuna wake kapena apongozi ake popanda kuwayang'ana, ndipo atafunsidwa angathe kunena kuti amangoimba. Kusiyana kwake n'kwakuti nyimbo ya pamtondo imamveka mudzi wonse, ndipo mwa omva muli ankhoswe amene angathe kukhazika pansi banjalo. M'nyumba ya pulofesa mulibe nkhoswe. Munthu yekhayo amene akuona madayale onse awiri kuchokera kunja ndi wowerenga, ndipo wowerenga sangaletse kanthu.

Wosuzumira wachitatu

Nkhani ya mwamuna woonetsa mkazi wake kwa mwamuna wina ndi yakale. Herodotus adasimba za Candaules, mfumu ya ku Lydia, yemwe adabisa mlonda wake Gyges kuseri kwa chitseko kuti aone mfumukazi ikuvula. Mfumukaziyo idamuona wosuzumirayo, ndipo m'mawa mwake idamuuza kuti asankhe pakati pa kufa iye ndi kupha mfumu. Gyges adapha mfumu natenga mkazi ndi ufumu womwe. Mafupa a Kagi ndi omwewa: wosuzumiritsa amafa, wosuzumira amalowa m'malo mwake, ndipo wosuzumiridwa amapezeka kuti ankaona zonse. Chomwe Tanizaki adawonjezera ndi kuika wowerenga kuseri kwa chitsekocho.

Chichewa chimasiyanitsa bwino mitundu ya kuona. Kuyang'ana kulibe mlandu. Kuonerera ndi kwa munthu woitanidwa ku gule kapena ku mpira, kumene ovina ndi osewera akudziwa kuti pali maso. Kusuzumira ndi kwa munthu amene waika diso pa kabowo, ndipo mwambo woodira pakhomo udakhazikitsidwa kuti mlendo asasanduke wosuzumira. Wowerenga nkhani yopeka amadziyesa woonerera, chifukwa buku ndi losindikizidwa ndipo adagula ndi ndalama zake. Kagi imamulanda chitonthozo chimenechi. Popeza mulibe wofotokoza nkhani woima pakati, wowerenga akugwira m'manja mapepala omwewo amene eniake akulumbira kuti ndi achinsinsi. Pamene Ikuko akukana kuti satsekula kabati, wowerenga amakhala ataitsekula kale. Walowa popanda odi, ndipo chomwe chikumupangitsa kutembenuza tsamba ndi chidwi chomwecho chimene akuchinyoza mwa pulofesa.

Manyazi amenewa ndi aphindu. Laura Mulvey, mu nkhani yake ya 1975 yokhudza mafilimu, adasonyeza momwe kamera imapatsira woonerera diso la mwamuna ndi kusandutsa mkazi chinthu choyang'anidwa, woonererayo osazindikira kuti wabwerekedwa diso. Mu Kagi kubwereketsa kumeneku kukuchitika poyera. Getsi, magalasi a pulofesa, kamera, ndi zithunzi zomatidwa m'dayale, zonsezi ndi zida zoonera, ndipo chilichonse chikukumbutsa wowerenga kuti nayenso ali ndi chida m'manja. Mlembi yemweyu ndiye adalemba In'ei Raisan mu 1933, momwe ankatamanda mithunzi ndi kachisisira ka m'nyumba zakale za ku Japan, nadandaula ndi kuwala kwa magetsi. Akapatsa mpangankhani wake getsi lowala mbee, n'zosakayikitsa kuti akudziwa nkhanza ya kuwalako.

Zilakolako zachilendo za pulofesa pazokha sizichedwa kuzolowereka. Amakonda mapazi a mkazi wake, amafuna kuona m'malo mopapasa mumdima, ndipo amasangalala ndi ululu wa nsanje. Bukuli silimutamanda kapena kumutemberera. Limamuonetsa monga nkhalamba yomvetsa chisoni ndi yoseketsa, imene mkazi wake amanyansidwa ndi nkhope yake ikavula magalasi. Wowerenga wokhwima maganizo angathe kumumvera chifundo munthu amene wakhala zaka zoposa 20 osapeza mawu ouzira mkazi wake chomwe amafuna. Susan Sontag, mu nkhani yake ya 1967, adatsutsa maganizo akuti zolemba za chilakolako sizingakhale zaluso, ndipo Kagi ndi umboni wokwanira woti adalondola. Mtima woyamba wa wowerenga, woyamikira uja, uli ndi maziko.

Kugona, kugonana ndi kumugona

Mtima wachiwiri umadzuka pamalo ena, ndipo malamulo a Chichewa amathandiza kuloza malowo. Mneni woti kugona amatanthauza kukhala m'tulo. Akalandira msintho wochitirana, wa -an-, amasanduka kugonana. Akatswiri a chiyankhulo, monga Sam Mchombo m'buku lake la 2004 la The Syntax of Chichewa, adafotokoza kuti msintho umenewu umafuna ochita oposa mmodzi, ndipo umachotsa pamtherankhani: onse okhudzidwa amakhala eninkhani. Pamene anthu agonana, galamala imanena kuti awiri achita. Koma pali kanenedwe kena, kopanda ulemu, koti adamugona. Apa mwininkhani ndi mmodzi, winayo wasanduka pamtherankhani. Funso lomwe limasautsa wowerenga Kagi ndi ili: pa usiku umene Ikuko wagona, kodi chikuchitika ndi kugonana kapena kumugona?

Aneni a pulofesa amayankha okha. Pafupifupi onse ndi a msintho wochititsa kapena olunjika pa munthu wina: kumwetsa, kuledzeretsa, kuonetsa, kuvula, kujambula. Aneni a Ikuko m'masamba a mwamuna wake ndi a msintho wochitidwa: kunyamulidwa, kuvulidwa, kujambulidwa. Pulofesa amadzitonthoza ndi maganizo akuti mwina mkaziyo akunamizira tulo, makamaka popeza amatchula dzina la Kimura ali m'kati mwa tuloto. Koma kukayikira si kufunsa. Iye adayamba zonsezi asanadziwe ngati mkazi wake ali maso, ndipo adapereka zithunzi kwa munthu wina osamuuza pakamwa. Msintho wochitirana ukupezeka pa aneni ena okha: kusuzumirana, kunamizana, kutcherana misampha.

Wowerenga wa lero sangawerenge masamba amenewa monga momwe ankawerengedwera mu 1956. M'chaka cha 2024, khoti la ku Avignon ku France lidazenga mlandu wa Dominique Pelicot, yemwe kwa zaka zambiri ankakomola mkazi wake Gisèle ndi mankhwala, kuitana amuna ena ndi kujambula zomwe zinkachitika. Mayiyo adakana kuti mlanduwo uzengedwe mseri. Mu Disembala chaka chomwecho amuna 51 adapezeka olakwa, ndipo mwamuna wakeyo adagamulidwa kukhala m'ndende zaka 20. Ena mwa oimbidwa mlandu adadziteteza ponena kuti ankaganiza kuti mayiyo akunamizira tulo monga mbali ya masewera a banjalo. Amenewa ndi maganizo omwe pulofesa amadzitonthoza nawo. Ku Japan komweko, malamulo adasinthidwa mu 2023 kotero kuti kugona ndi munthu wosatha kuvomera chifukwa cha mowa kapena tulo ndi mlandu, kaya awiriwo ndi okwatirana kaya ayi, ndipo kujambula munthu zithunzi zotere iye osalola kudakhalanso mlandu paokha.

Wina angathe kunena kuti nkhani yopeka siyenera kuweruzidwa ndi malamulo a zaka pafupifupi 70 pambuyo pake, ndiponso kuti kusimba choipa si kuchivomereza. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo palibe chifukwa chomveka choletsera bukuli kapena kuliona ngati malangizo. Mabuku osimba zakupha sasandutsa alembi ake ambanda. Komabe mfundoyi siyankha nkhawa yonse. Chomwe chikuvuta si chakuti bukuli likuonetsa mkazi wokomoka akujambulidwa. Chovuta ndi chimene bukuli likuchita ndi chithunzi chimenecho pamapeto pake.

Kuulula kwa Ikuko

Mwamuna wake atamwalira, Ikuko akuyala madayale onse awiri ndi kuwayerekeza tsiku ndi tsiku, ngati wophunzira wosanthula zolemba zakale. Apa akuulula kuti ankawerenga dayale ya mwamuna wake kuyambira kale, kuti zambiri zomwe ankalemba m'dayale yake zinali nyambo, ndiponso kuti adanamizira kudwala kuti mwamunayo aganize kuti onse awiri akuika moyo wawo pachiswe, pamene iye ankadziwa kuti wofa ndi mmodzi. Bukuli likutha ndi chikonzero chakuti Kimura akwatire Toshiko pamaso pa anthu, ndipo atatuwo azikhala nyumba imodzi.

Pa luso la kamangidwe ka nkhani, mathero amenewa ndi apamwamba. Pamtherankhani wasanduka mwininkhani. Amene ankaoneka ngati nyama wapezeka kuti ndiye mlenje. Wowerenga amabwerera m'mbuyo n'kuona kuti masamba omwe adawakhulupirira anali abodza. Koma matembenuzidwe omwewa akugwiranso ntchito ina mwakachetechete: akupereka chilolezo m'mbuyo mwa alendo. Ngati Ikuko ankadziwa, ndiye kuti pulofesa sadalakwe kwenikweni, ndipo wowerenga amene ankasuzumira naye pamodzi wamasuka. Kukana konse kwa mkaziyo, manyazi ake ndi kunyansidwa kwake, zikusanduka chophimba cha chilakolako chachikulu kuposa cha mwamuna. Imeneyi ndi nthano yakale imene amuna amauzana, yakuti ayi wa mkazi ndi inde wobisika.

Pamenepa mbiri ya zilembo ija ikubweranso. Cha m'ma 935, Ki no Tsurayuki adalemba Tosa Nikki, dayale ya ulendo, m'zilembo za akazi ndiponso podziyesa mkazi. Dzanja la mkazi lakhala likubwerekedwa ndi amuna kwa zaka zoposa 1,000. Hiragana ya Ikuko ndi dzanja la Tanizaki. Chilolezo chimene chikubwera kumapeto chalembedwa ndi mwamuna wa zaka 70, m'malo mwa mkazi yemwe adamulenga yekha, pofuna kuyankha funso limene mwamuna wina wa m'bukumo sadafunse.

Komabe chilungamo chikufuna kuti zinthu ziwiri zinenedwe mokomera mlembi. Choyamba, Ikuko wadzionetsa kale kuti ndi wonama, ndipo palibe chotsimikiza kuti masamba ake omaliza ndi oona. Iye akukayikira kuti Toshiko amawerenga zolemba zake, choncho nawonso masamba amenewa angathe kukhala olembedwera maso a munthu wina. Mkazi amene wachitidwa chipongwe angathenso kusankha kudzisimba monga wopambana. Bukuli silitseka khomo limeneli. Chachiwiri, Tanizaki sakupereka mathero otonthoza. Kon Ichikawa, popanga filimu ya nkhaniyi mu 1959, yomwe idalandira mphoto ku Cannes mu 1960, adasintha mapeto: wantchito wa m'nyumba akuwathira chiphe Ikuko, Toshiko ndi Kimura. Chilango chotere chimatsuka woonerera, chifukwa oipa afa ndipo iye angathe kupita kwawo ndi mtima woyera. Buku la Tanizaki limasiya atatuwo ali moyo, ndi wowerenga ali ndi kiyi m'manja.

Mpangankhani amene amaiwalika m'mikangano yonseyi ndi Toshiko. Iye alibe dayale m'bukuli. Amamva zochitika m'chipinda cha makolo ake, amasamuka pakhomo, amathandiza amayi ake kukumana ndi mwamuna yemwe ankati akhale wake, ndipo pomaliza akupatsidwa ukwati wachiphamaso. Chifukwa chomwe akuchitira zonsezi chikungoganiziridwa ndi ena. Ngati pali munthu amene sadafunsidwe konse m'nyumba imeneyi, ndi iyeyu, ndipo kukhala kwake chete kukusonyeza kuti masewera a anthu awiri osayankhulana sathera pa awiriwo.

Mawu otsiriza

Mitima iwiri ya wowerenga Kagi si chizindikiro cha kuwerenga molakwika, ndipo siyenera kuyanjanitsidwa mokakamiza. Amene angataye mtima woyamikira adzabwerera ku funso la mabungwe osefa mabuku, n'kulephera kuona momwe zilembo, madayale ndi kusowa kwa wofotokoza nkhani zikugwirira ntchito pamodzi. Amene angataye mtima wonyansidwa adzalandira kuulula kwa Ikuko ngati chikhululukiro, n'kuiwala kuti chilolezo chobwera mochedwa sichisintha chomwe mwamunayo ankadziwa pa usiku woyamba.

Kwa ophunzitsa ndi ophunzira a zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa, bukuli lili ndi phunziro la kagawidwe ka mafunso. Kufuna kuyang'ana, kukonda mapazi, ngakhale kusangalala ndi nsanje, ndi zinthu zomwe anthu awiri akuluakulu angathe kukambirana, kugwirizana kapena kukanizana. Tsoka la pulofesa ndi Ikuko lagona pa kusowa kwa kukambiranako. Mwambo udawaphunzitsa kuti nkhani zimenezi sizitchulidwa, ndipo iwo adaumvera mpaka imfa: m'miyezi inayi yonse ya nkhaniyi adalemberana masamba ambirimbiri, koma sadafunsane funso limodzi pamaso. Kiyi adagwetsedwa pansi kuti pasakhale wonena kuti odi, ndiponso pasakhale woyankha kuti lowani.